Timalipira Zilembo, Amatipatsa Timabokosi

Ife amene mapepala a Chikoreya amatidutsa m'manja tili ndi dandaulo, ndipo takhala nalo kukhosi nthawi yaitali. Sitili ochuluka ngati olira mtengo wa feteleza kapena mizere ya mafuta, koma tilipo. Ena ndife ana asukulu amene tikusakasaka mwayi wa maphunziro ku Seoul, ku Busan kapena ku Daejeon. Ena tinapita kale n'kubwerako, ndipo masatifiketi athu ali m'zilankhulo ziwiri. Ena timagwira ntchito m'zipatala, m'mipingo ndi m'mabungwe momwe muli anzathu ochokera ku Korea. Ena tikungophunzira chilankhulochi patokha chifukwa mafilimu ndi nyimbo zakumeneko zinatikoka mtima. Enanso ndife eni ake tizipinda totayipira ndi kujambula mapepala, amene timalandira ukali wa onsewa pa kauntala. Dandaulo lathu ndi limodzi. Chikalata chimene pafoni chikuwerengeka bwinobwino, chikangolowa mu kompyuta n'kutuluka mu pulinta, mawu onse a Chikoreya amasanduka timabokosi, tizizindikiro ta funso, kapena zinyalala zoti palibe mtundu wa anthu ungaziwerenge.

Amene sanazionepo angaganize kuti tikukokomeza, choncho tifotokoze mmene tsamba lotere limaonekera. Tengani kalata yokuitanani ku yunivesite. Pamwamba pali chizindikiro cha sukulu, chatuluka bwino. Mizere ya tebulo yatuluka yowongoka. Chidindo chofiira cha makona anayi, chimene maofesi a ku Korea amadinda pansi pa chikalata, chili pamalo pake. Manambala onse alipo: chaka, nambala ya pasipoti, ndalama ya fizi. Dzina lanu lolembedwa m'zilembo zathuzi lilipo. Koma paliponse pamene panali mawu a Chikoreya pangondandalika timabokosi topanda kanthu m'kati, tofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mukuona deti, koma simungadziwe ngati ndi tsiku lokafika kapena lotsekera kulipira, chifukwa mawu amene amayenera kukuuzani zimenezo ndi amene asowa. Wa ku banki kapena wa ku ofesi yoona za ulendo akalandira pepala lotere amalitembenuza kawiri n'kukubwezerani.

Kenako mkangano umabuka pa kauntala pomwepo. Mwini chikalata amati, "Achimwene, pepalali lalakwika, taonani pafonipa mmene likuonekera." Wa pa makina amayankha kuti, "Bwana, makina satulutsa zawo, atulutsa zomwe mwabweretsa pa fulashi." Winayo amati salipira, ndipo ali ndi mfundo: munthu ukapita kuchigayo ndi chimanga n'kubwerako ndi gaga yekhayekha, ndani angakuuze kuti ulipire? Koma wa shopu nayenso ali ndi mfundo yake. Pepala lapita, tona yapita, ndipo ngati magetsi anali atazima, mafuta a jenereta apitanso. Madzulo abwana ake adzawerenga mapepala amene atha n'kufuna ndalama yake. Ndiye anthu awiri, onse opanda kanthu m'thumba, amakalipirana chifukwa cha tsamba limodzi, chonsecho palibe mwa iwo amene wapalamula. Amene anakonza zinthu mwanjira yotere sali m'chipindamo, ndipo phokosolo silimufika n'komwe.

Popeza palibe amene anatifotokozerapo chimene chimachitika, timangogwira m'maganizo chilichonse. Wina amati fayilo ili ndi vayirasi, n'kufomata fulashi yonse, zikalata zina zabwinobwino n'kupita nazo. Wina amati pulinta yakalamba. Wina amagwedeza katiriji ya tona n'kuyesanso tsamba lomwelo, timabokosi n'kutuluka towala kuposa poyamba. Wina amangoti, "Chitchaina ichi, makina athu sachidziwa," ngakhale kuti si Chitchaina. Wosaleza mtima amanyamula fulashi yake kupita shopu yachiwiri, yachitatu, kulipira paliponse, mpaka ya minibasi yobwerera itatha.

Chimene chimatiwawa kwambiri n'chakuti kalembedwe ka Chikoreya si kovuta ayi. Mfumu Sejong inakonza zilembo za Hangul mu 1443 n'kuzilengeza mu 1446, ndipo cholinga chake chinali anthu wamba, amene analibe zaka zokhalira pansi kuloweza zilembo masauzande za Chitchaina. Inkafuna kuti mlimi naye athe kulemba zimene zili kukhosi kwake. Masiku ano Hangul ili ndi malembo 24, a liwu 10 ndi opanda liwu 14, ndipo amalumikizidwa kukhala maphatikizo. Ife amene tinaphunzira kuwerenga ndi ba, be, bi, bo, bu sitichedwa kuyigwira: pakatha masiku ochepa munthu wayamba kutchula zolembedwa, ngakhale tanthauzo asanalidziwe. Ku South Korea tsiku la 9 October ndi holide yokumbukira zilembozi. Ndiye tiuzeni, zilembo zimene zinapangidwira munthu wamba, zikukanika bwanji kufika papepala la munthu wamba?

Komanso Korea si dziko lachilendo pa nkhani yosindikiza mabuku. Buku lakale kwambiri limene lilipobe mwa mabuku osindikizidwa ndi zilembo zachitsulo zochotseka ndi Jikji, limene amonke a Chibuda anasindikiza mu 1377 pa kachisi wa Heungdeoksa ku Cheongju, zaka 78 Baibulo la Gutenberg lisanatuluke ku Germany. Linali m'zilembo za Chitchaina chifukwa Hangul inali isanabadwe, ndipo lero limasungidwa ku Paris. Anthu amene makolo awo ankasungunula chitsulo n'kuumba chilembo chimodzichimodzi kalekale chonchi, lero alipo oposa 75 miliyoni olankhula chilankhulo chawo, ndipo dziko lawo limapanga mafoni, ma TV ndi tizipangizo ta m'kati mwa makompyuta amene tikugwiritsa ntchitowa. Si chilankhulo chobisika choti makina anganene kuti sanachimvepo.

Titafufuza patokha, ena mwa ife tinadziwa gwero la vutoli, ndipo si matsenga. Kompyuta sidziwa chilembo, imadziwa nambala. Kuti chilembo chioneke pamafunika zinthu ziwiri: nambala imene makina onse agwirizana kuti ikuimira chilembo chimenecho, ndi chithunzi cha chilembocho, chimene chimasungidwa mu fonti. Mukaona kabokosi, ndiye kuti kompyuta yaizindikira nambala koma ilibe chithunzi chake. Mukaona tizizindikiro ta funso kapena zilembo zosokonekera, ndiye kuti nambalayo yawerengedwa ndi ndondomeko yolakwika. Ndondomeko yoyamba yofala, ASCII ya mu 1963, inali ndi malo 128 okha, okwanira Chingerezi basi. Hangul imaunjika malembo m'kabwalo kamodzi: ㅎ, ㅏ ndi ㄴ zimakhala 한. Powerengera ndi malembo ophatikizana, poyambira phatikizo pangakhale mitundu 19, pakati 21, ndipo mathero ake ndi a mitundu 28 kuphatikiza pamene palibe lembo lotsekera. Mukachulukitsa zimakwana maphatikizo 11,172. Fonti ya Chingerezi imakwanira ndi zithunzi mazana ochepa, pamene ya Chikoreya imanyamula masauzande. N'chifukwa chake ndi yolemera, ndipo aliyense wofuna kupeputsa kompyuta amayamba kutaya yomweyo.

Eni ake chilankhulo nawonso anavutika nazo. Mu 1987 dziko la South Korea linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa KS C 5601, imene inapatsa nambala maphatikizo 2,350 okha amene ankaoneka kuti ndi ofala. Munthu amene dzina lake linali ndi phatikizo losowa pa mndandandawo sankatha kulilemba molondola pa kompyuta ya m'dziko lake lomwe. Pambuyo pake Windows 95 ya Chikoreya inawonjezera otsalawo mwa njira yakeyake, kenako mu 1996 Unicode 2.0 inapatsa phatikizo lililonse mwa 11,172 aja nambala yake yokhazikika, yoti dziko lonse lizigwiritsa ntchito. Taonani chakacho: 1996. Ambiri mwa ana amene akuvutika pa makauntala lero anali asanabadwe. Akatswiri anamaliza ntchito yawo kalekale, koma mafayilo akale, mapulogalamu akale ndi zizolowezi zakale za m'maofesi zikuyendabe ndi manambala akale, ndipo zikafika kuno zimatulukira pa pepala lathu.

Mbali ya mafonti nayo ili ndi mbiri yake. Pa Windows XP ya Chingerezi munthu ankachita kuika padera mafayilo a zilankhulo za kum'mawa kwa Asia, nthawi zambiri kuchokera pa CD. Kuyambira pa Windows Vista panabwera fonti ya Malgun Gothic, imene ilipo mpaka pano. Pa Windows 10 mafonti akale a Batang, Gulim, Dotum ndi Gungsuh, amene zikalata zambiri za ku Korea zinalembedwera, anaikidwa m'gulu la zinthu zochita kuwonjezera pa intaneti. Mac imabwera ndi fonti yake ya Chikoreya. Pa Linux mafonti alipo aulere, koma pa makina ena amachita kuikidwa. Mafoni ambiri a Android amabwera nawo kale, ndipo ichi ndicho chifukwa chake chikalata chimaoneka bwino m'manja koma n'kulephera pa kompyuta ya m'shopu. Ngakhale pamene kompyuta yapeza fonti ina yolowa m'malo, mavuto sathera pomwepo. Kukula kwa zilembo kumasiyana, mizere imasuntha, fomu ya tsamba limodzi imasefukira pa tsamba lachiwiri, ndipo malo osainira amakapezeka okha pa pepala lopanda kanthu.

Tsopano ganizirani makompyuta amene ali m'tizipinda tathu ta ku Limbe, ku Area 3, ku Mzuzu ndi m'maboma. Ambiri ndi akaunjika, anagwira kale ntchito zaka zambiri kunja. Akafika kuno, mnyamata wokonza makompyuta amawafomata n'kuikamo pulogalamu yoyendetsera makina imene ena anaidula kale mbali zambiri kuti izithamanga pa makina ofooka. Zimene anadulazo ndi ziti? Zilankhulo za eni ake. Palibe amene amamufunsa mwini shopu ngati adzafune Chikoreya, Chiarabu kapena Chiamhariki, ndipo iyenso sadziwa kuti chilipo chimene chachotsedwa. Makina ambiri otere salumikizidwa n'komwe ku intaneti, poopa mavayirasi ndi mtengo wa bandulo. Ena ali ndi pasiwedi imene anaika wokonza uja, ndipo nambala yake ya foni inasiya kugwira. Ndiye ngakhale kasitomala atadziwa chochita, amapeza khomo lotseka.

Vuto lina limachokera kutsidya komweko. Maofesi ambiri a boma, masukulu ndi mabungwe ku South Korea amalemba zikalata zawo ndi pulogalamu yakwawo yotchedwanso Hangul, ya kampani ya Hancom, imene inatuluka koyamba mu 1989. Mafayilo ake amathera ndi hwp, ndipo atsopano ndi hwpx. Tikumvetsa chifukwa chake amaikonda. Mu 1998, nthawi ya mavuto azachuma ku Asia, kampaniyo itatsala pang'ono kugwa, Microsoft inafuna kuikamo ndalama pa mgwirizano woti pulogalamuyo isiyidwe. Anthu a ku Korea anakana, anachita kampeni yoipulumutsa, ndipo anaigula mwaunyinji itatsitsidwa mtengo kufika pa 10,000 won. Anateteza chinthu chawo, ndipo timawalemekeza pa zimenezo. Koma kalaliki wa ku yunivesite akamatumiza fomu yotere kwa mwana wa ku Ntchisi, sakumbukira kuti kunja kwa dziko lake ndi ochepa amene ali ndi pulogalamuyo. Fayilo imafika, mumaidina, kompyuta n'kukufunsani kuti muitsegule ndi chiyani. Pulogalamu yaulere yongowerengera ilipo, koma mpaka muipeze, muikope ndi bandulo yanu, ndiponso mwini makina alole kuti iikidwe.

Ena amatiuza kuti tizipempha PDF, chifukwa PDF sisintha kulikonse kumene yapita. N'zoona pokhapokha ngati woipangayo anatsekera mafonti m'kati mwake. Akapanda kutero, fayilo imangonyamula dzina la fonti n'kuyembekezera kuti ikaipeza kumene ikupita. Pa kompyuta ya wotumiza zonse zimaoneka bwino, chifukwa fontiyo ili pomwepo, ndiye iye sadziwa n'komwe kuti watumiza chinthu chosakwanira. Ikafika kwathu, pulogalamu yowerengera imaonetsa uthenga woti tikope kaye phukusi la mafonti a ku Asia, apo ayi imaika timadontho m'malo mwa mawu. Palinso tsoka lina loti pa sikirini zonse zili bwino, koma pulinta ikalandira tsamba imayesa kugwiritsa ntchito mafonti ake a m'kati, amene alibe Chikoreya. Njira yozembera ilipo, youza kompyuta kuti itumize tsambalo ngati chithunzi, koma kabatani kake kanabisika m'kati mwa zosankha zimene palibe anatiphunzitsapo.

Ngakhale dzina la fayilo limatizunza. Mnzanu wa ku Korea akakhala ndi Mac n'kukutumizirani chikalata chotchedwa 한글, pa kompyuta ina dzinalo limatha kufika litamasuka chonchi: ㅎㅏㄴㄱㅡㄹ, lembo lililonse palokha, chifukwa makina awiriwo amasunga maphatikizo mosiyana. Eni ake ku Korea amadandaulanso zomwezi m'maofesi mwawo. Akakutumizirani mafayilo khumi atamangidwa pamodzi mu zip, mukamasula mumapeza mayina onse khumi asanduka zinyalala, chifukwa analembedwa ndi manambala akale aja. Kuti mudziwe kuti fomu ya chipatala ndi iti, ya malo ogona ndi iti, mumachita kutsegula imodziimodzi, kumbuyo kwanu kuli mzere wa anthu ofuna kujambulitsa ziphaso, ndipo wa shopu akukuwerengerani mphindi.

Tikadandaula, odziwa zinthu amatiyankha mopepuka kuti, "Ingokopani fonti, ndi yaulere." Zoonadi ilipo yaulere. Kampani ya Naver inatulutsa mafonti a Nanum mu 2008, ndipo mu 2014 Adobe ndi Google anatulutsa mafonti aakulu a Chitchaina, Chijapanizi ndi Chikoreya amene aliyense angatenge osalipira. Tikuthokoza. Koma chaulere cha munthu amene intaneti yake simatha si chaulere cha munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi. Mafayilo amenewa ndi olemera. Netiweki imadula ali pakati, muyambirenso. Mukamaliza kukopa, magetsi azima. Magetsi akabwera, wa shopu akuti sangalole chinthu chachilendo pa makina a abwana. Amene amapanga mapulogalamuwa anaganizira munthu wokhala ndi kompyuta yakeyake, intaneti yosaduka ndi nthawi yambiri. Ambiri a ife tilibe chilichonse mwa zitatuzi. Tili ndi foni, fulashi, ndi ndalama yowerengeka ya masamba amene tabwerera.

Mtengo wake weniweni suli pa tsamba lowonongekalo. Mafomu a maphunziro ali ndi tsiku lotsekera, ndipo tsikulo silidikira munthu. Mtsikana wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje amene wabwera m'tauni ndi ndalama yobwereka kwa amalume ake, akalephera kupulinta tsiku limenelo ndiye kuti agone kwa achibale, adye, mawa ayambirenso. Ambiri amathera pojambula sikirini ya foni, kutumiza chithunzicho pa WhatsApp, n'kuchipulinta chomwecho. Chimatuluka chofiphira, zilembo zazing'ono zitamatana, timizere tosiyanitsa lembo ndi linzake titafufutika. M'Chikoreya kamzere kamodzi kakaloza kumanja kapena kumanzere, liwu lasintha. Pepala lotere munthu amalipereka ku ofesi mtima uli m'mwamba, ndipo akalikana sangatsutse.

Si ana asukulu okha. Ubale wa dziko lino ndi South Korea unayamba mu 1965, ndipo lero ukuoneka ndi maso. Ku Lilongwe kuli chipatala cha Daeyang Luke chimene chinamangidwa ndi thandizo lochokera ku Korea. Bungwe la boma lawo loona za chitukuko, KOICA, limapereka mwayi wa maphunziro kwa ogwira ntchito m'boma a m'maiko ngati lathu, ndipo pali maphunziro a Global Korea Scholarship amene achinyamata athu amapikisana nawo. Kumene anthu akuyenderana chonchi, mapepala amayendanso. Makina ena akafika, kabuku kofotokoza kagwiritsidwe ntchito kake kamakhala m'Chikoreya, ndipo womasulira amafuna tsamba loti alembepo ndi cholembera. Pa mapemphero a pamodzi pamafunika pepala la zilankhulo ziwiri. Wophunzira wokonzekera mayeso a Chikoreya a TOPIK amafuna mapepala akale oti ayeserere atakhala pa mkeka kunyumba, osati kutsinzinira kafoni mpaka batire litatha. Onsewa amakathera pa kauntala yomwe ija.

Wina asaganize kuti nkhaniyi ndi ya eni ake a kutali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndi angati a ife amene analandirapo uthenga kapena chikalata momwe ng'ombe yalembedwa kuti ngâ€™ombe? Nthenda yake ndi yomweyi, nambala yowerengedwa ndi ndondomeko yolakwika. Ndi mafomu angati a pa intaneti amene amakana dzina la munthu chifukwa muli kachizindikiro ka pakati pa ng ndi lembo lotsatira? Nanga ŵ wa kachipewa, amene Atumbuka amamufuna pafupifupi m'chiganizo chilichonse ndipo ambiri tinamuona m'dzina la Malaŵi? Nambala yake mu Unicode ilipo, koma pa kiyibodi palibe, mafonti ena alibe, ndipo anthu ambiri anangotopa n'kumusiya. Umu ndi mmene makina amasinthira kalembedwe ka anthu popanda msonkhano uliwonse. Chikoreya chili ndi boma, makampani akuluakulu ndi anthu mamiliyoni ochiteteza, koma chikufikabe kuno chili timabokosi. Zilankhulo zathu zili ndi otetezera ochepa kuposa pamenepo.

Choncho tili ndi mawu kwa amene amatitumizira zikalata kuchokera ku Korea, ndipo tikunena mwaulemu. Mukamatumiza fomu kunja kwa dziko lanu, tumizani PDF yotsekeramo mafonti. Ngati ndi yoti tilembemo, ikaninso ina ya mtundu umene mapulogalamu ofala amatsegula. Dzina la fayilo lilembeni m'zilembo za Chilatini. Kwa inu ndi ntchito ya mphindi imodzi musanadine batani lotumizira. Kwa ife mphindi imeneyo ndi tsiku lathunthu ndi ndalama ya thiransipoti. Mabungwe amene ali ndi maofesi kuno ndipo amaitana anthu kuti alembetse maphunziro, ikani kompyuta imodzi ndi pulinta imene ikutulutsa Chikoreya bwinobwino, yoti wolembetsa aliyense afikepo. Mwatitsegulira khomo lalikulu la sukulu, musalole kuti tikakodwe pa kapepala.

Kwa achimwene athu okonza ndi kugulitsa makompyuta, lekani kutipatsa makina odulidwa osatiuza. Ngati mwachotsa zilankhulo kuti kompyuta ithamange, nenani, mwini wake asankhe yekha. Pa fulashi imene mumayenda nayo, yodzaza ndi mapulogalamu, ikaniponso mafonti aulere aja. Mukawakopa kamodzi, akwanira mashopu onse a m'tauni yanu, ndipo palibe lamulo limene mwaswa chifukwa eni ake analoleza. Mukamaliza ntchito, siyani pasiwedi kwa mwini makina. Kwa eni mashopu, ife amene tili mbali yanu ya kauntala tikudziwa kuti phindu lake ndi lochepa, koma kuonetsa kasitomala tsamba pa sikirini musanalitulutse sikudya tona. Ngati ndi chikalata cha masamba ambiri, tulutsani limodzi kaye, aone. Ndipo tsamba likatuluka timabokosi, musamuuze munthu kuti fulashi yake ili ndi vayirasi pamene simunaone vayirasi.

Kwa ophunzitsa makompyuta m'masukulu ndi m'makoleji, ana athu amamaliza maphunziro akudziwa kukongoletsa mutu wa kalata ndi mitundu, koma sadziwa kuti kabokosi kamatanthauza chiyani. Phunziro limodzi lokha lofotokoza kusiyana kwa nambala ya chilembo ndi chithunzi chake, kaikidwe ka fonti, ndi kapangidwe ka PDF yokwanira lingapulumutse anthu ambiri, ndipo lingathandize pa Chikoreya, Chiarabu cha ku madrasa, ndi ŵ wathu yemwe. Kwa opanga mapulogalamu oyendetsera makompyuta, kulikonse kumene muli, pempho lathu ndi laling'ono. Makina akaona kuti alibe chithunzi cha chilembo, anene asanawononge pepala. Amatha kutichenjeza kuti tona yatsala pang'ono kutha, kuti pepala lakodwa, kuti chitseko chili chotsegula. Alephera bwanji kutiuza m'mawu omveka kuti tsamba ili lituluka lopanda mawu, ndipo chosowa ndi chakuti?

Sitikupempha chinthu chatsopano choti akatswiri akachite kuchitulukira. Manambala anagawidwa mu 1996, mafonti aulere alipo kuyambira 2008, njira yotsekera mafonti mu PDF ilipo pa kompyuta ya wotumiza aliyense. Chimene chikusowa ndi kuganizira munthu amene ali kumapeto kwa ulendo wa chikalatacho. Wotumiza ali ndi intaneti yosatha, wopanga pulogalamu ali ndi antchito masauzande, wokonza makina ali ndi luso, koma katundu yense amatulidwa pa amene ali ndi zochepa kuposa onse, ndipo amalipira ndi iyeyo. Ife tayamba kale kugawana mafonti pa mafulashi ndi kuphunzitsana kabatani kobisika kaja, ndipo tipitiriza. Koma kuthandizana kwathu kusakhale chifukwa choti enawo apitirize kutaya udindo wawo. Aliyense amene chikalata chimadutsa m'manja mwake achite mbali yake, ndipo munthu akalipira kuti amupulintire mawu, alandire mawu oti awerenge.